Kukhala ku Easington Colliery: mbiri ya mgodi ndi makomo oyenera kugogoda

Abale ambiri amene tinabwera ku England pa ntchito yosamalira okalamba sitinafikire ku London kapena ku Manchester ayi. Ntchito inatiponya kumpoto chakum'mawa, m'midzi imene kale inkadalira migodi ya malasha, kumene lendi ndi yotsika ndipo okalamba ofuna chisamaliro ndi ochuluka. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma pano ndimakhala ku Easington Colliery, m'chigawo cha County Durham, m'mphepete mwa nyanja ya North Sea. Ndalemba izi chifukwa cha mafunso amene anzanga obwera kumene amandifunsa pafoni usiku tikaweruka. Wina amafuna kudziwa kokapereka dandaulo la nyumba, wina amadabwa kuti bwanji anthu akuno amalankhula za boma mokwiya chonchi, wina amafunsa ngati mlendo angavote. Mayankho a mafunso onsewa amadzera pa mgodi, ngakhale kuti mgodiwo unatsekedwa kalekale.

Choyamba dziwani kuti midzi ya dzina limeneli ilipo iwiri yogundana. Kumtunda kuli Easington Village, mudzi wakale wa alimi, wokhala ndi bwalo lalikulu la kapinga ndi tchalitchi cha St Mary chimene chakhalapo zaka mazana ambiri. Mukatsetsereka ndi msewu wa Seaside Lane kulowera kunyanja mumafika ku Easington Colliery, mudzi umene unabadwa chifukwa cha malasha basi. Uliwonse uli ndi khonsolo yake yaing'ono, ndiye polemba kalata onetsetsani kuti mukulembera ya kumene mukukhala. Palinso Easington Lane, koma uwo ndi mudzi wina wa mbali ya Sunderland. Pofufuza basi pafoni muzisamala nawo.

Kukumba mgodi kuno kunayamba mu 1899. Madzi a pansi panthaka anavuta kwambiri, mpaka anachita kuumitsa nthakayo ndi makina oziziritsa kuti adutse mchenga wodzaza madzi, ndipo malasha oyamba anatuluka mu 1910. Kampani inamangira antchito ake nyumba za njerwa zolumikizana m'mizere italiitali, ndipo misewu anaipatsa maina motsata zilembo. Mpaka lero anthu amangoti ndimakhala ku A Streets kapena ku C Streets, kutanthauza misewu imene maina ake amayamba ndi chilembo chimenecho. Ina mwa mizereyi inagwetsedwa, ina ilipo. Nyumba imene ndinayamba kuchita lendi inali imodzi mwa zimenezi: khomo lakutsogolo lotulukira pamsewu penipeni, kumbuyo kabwalo ka simenti, ndi kachipinda kakang'ono kamene ankasungiramo malasha.

Vuto langa loyamba linali la nyumba imeneyi. Itafika nyengo yozizira, khoma la kuchipinda chogona linayamba kudontha chinyezi, nkhungu yakuda n'kumera kuseri kwa wodilopu mpaka kufika pamatiresi. Zovala za kuntchito zinkanunkha chuku ngakhale nditazichapa kumene. Landilodi sindinamuonepo ndi maso. Ankakhala kutali, ndipo nyumbayo anaigula pamsika wa okushoni. Mameseji anga ankangowayankha kuti nditsegule mawindo. Pambuyo pake ndinamva kuti nkhaniyi si yanga ndekha. Migodi itayamba kutha, nyumba zambiri za antchito zinagulitsidwa motchipa kwa anthu akutali ongofuna lendi, ndipo ena mwa iwo sanapondepo m'mudzi muno.

Kwathu ndikanayambira kwa anyakwawa. Kuno kulibe mfumu, ndipo maudindo anagawidwa m'magawo amene mlendo sangawazindikire msanga. Mayi wina wa kuntchito, mbadwa ya mudzi uno, ndi amene anandikhazika pansi nthawi ya tiyi n'kundimasulira. Nkhani zikuluzikulu zonse zili m'manja mwa Durham County Council: kutola zinyalala, misewu ndi magetsi a mumsewu, sukulu, chisamaliro cha okalamba ndi ana, zilolezo zomangira, kaundula wa ovota, komanso kuyendera nyumba za lendi zimene zikuwononga thanzi la anthu. Kale panali khonsolo ina pakati, ya District of Easington, imene inakhazikitsidwa mu 1974 n'kuthetsedwa pa 1 April 2009, ntchito zake zonse n'kupita ku Durham. Nchifukwa chake achikulire ena akamakuuzani kuti pitani ku district amakhala akunena ofesi imene kulibenso.

Ndinalembera nthambi yoona za nyumba ku khonsolo ya Durham kudzera pa intaneti, n'kutumiza zithunzi za khomalo ndi mameseji onse amene ndinalemberana ndi landilodi. Kunabwera wogwira ntchito ndi kachipangizo koyezera chinyezi, anakagunditsa pakhoma m'malo angapo, anakwera kukaona mipaipi ya madzi a mvula kudenga, ndipo analembera mwini nyumba. Mpaipi wosweka unakonzedwa. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi chakuti zonse zinali zolembedwa. Chonde abale, nkhani ya nyumba musamaithere pafoni. Lembani, jambulani, sungani madeti. Dziwaninso kuti kuyambira mu April 2022 khonsolo ya Durham inalamula kuti m'madera ambiri a chigawochi landilodi azikhala ndi laisensi yochititsira lendi, ndiye mukhoza kufunsa ngati adiresi yanu ili m'dera lotero komanso ngati mwini wake ali nayo laisensiyo. Dipoziti yanu iyenera kusungidwa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasanathe masiku 30, ndipo ngati nyumba ili ndi gasi, chikalata chotsimikiza kuti zipangizo zake zayezedwa chimayenera kuperekedwa chaka ndi chaka. Anzathu ambiri amaopa kudandaula poganiza kuti zikhudza viza. Kudandaula za nyumba yodontha si kupempha thandizo la ndalama za boma, ndipo ndi ufulu wa aliyense wochita lendi.

Pa nkhani ya ndalama za boma pali poyenera kuchenjera, ndipo mpofunika kuti ndinene bwinobwino. Nyumba iliyonse imalipira msonkho wa kukhonsolo wotchedwa council tax. Nyumba anaziika m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mtengo wake wa mu 1991, ndipo nyumba zambiri za mizere ya kumgodi zili m'gulu A, lotsikitsitsa. Ngati ndinu wamkulu nokha m'nyumba, mumachotseredwa 25 peresenti, ndipo imeneyi mukhoza kuipempha ngakhale viza yanu inalembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma. Koma pali china chotchedwa Council Tax Reduction, chothandiza opeza zochepa. Chimenecho chimawerengedwa ngati thandizo la boma, ndipo wa viza yotere asachipemphe. Maina ake ndi ofanana, mafomu ake amapezeka malo amodzi, ndiye werengani modekha. Bilu ya pachaka nthawi zambiri amaigawa miyezi 10, koma mukapempha amaigawa 12.

Mukaiyang'anitsitsa biluyo muona kuti ndalama yanu imagawidwa: gawo lalikulu ku khonsolo ya Durham, lina kupolisi, lina kwa ozimitsa moto, ndipo kagawo kena ku Easington Colliery Parish Council. Iyi ndiyo khonsolo ya m'mudzi. Akatolika anzanga asasokonezeke ndi dzinalo. Makhonsolo awa anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1894 limene linalekanitsa ntchito za boma za m'mudzi ndi za tchalitchi. Makhansala ake ndi anthu wamba okhala nafe m'misewu yomweyi, ndipo wolembedwa ntchito weniweni ndi mlembi wa khonsolo, amene amasunga mabuku ndi kuyankha makalata. Mphamvu zawo n'zochepa, koma zimagwira zinthu zimene munthu amaziona tsiku ndi tsiku: manda, paki ndi mabwalo a masewero, maluwa a m'mphepete mwa msewu, ndi madimba ang'onoang'ono obwereketsa amene kuno amati allotment.

Dimba ndi limene linanditsegulira mudzi uno. Mwana wa ku Ntcheu sangakhale osagwira khasu, ndiye nditamva kuti khonsolo ya m'mudzi imabwereketsa malo olima pamtengo wochepa pachaka, ndinalembetsa dzina kwa mlembi. Ndinadikira ndithu, chifukwa pamakhala mndandanda. Malo amene ndinapatsidwa anali tchire la zitsamba zaminga, lokhala ndi kanyumba ka matabwa kogwa mbali imodzi. Madimbawa ndi cholowa cha kumgodi: munthu akatuluka pansi panthaka ankafuna mpweya ndi dzuwa, ndiye ankalima ma leek, ndiwo zonga anyezi wamtali, opikisana nawo kukula pachionetsero, ndiponso kuweta nkhunda za mpikisano. Makola a nkhundazo alipobe. Ine ndinadzala lepu, kabichi, mbatata ya kachewere ndi maungu. Maungu sanabereke bwino chifukwa cha mphepo ya kunyanja, koma nkhwani ndinadya.

Woyandikana nane dimba ndi bambo wachikulire amene anagwira ntchito mumgodi kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku lotseka. Dzina lawo sinditchula. Poyamba ankangondigwedezera mutu. Tsiku lina anandiona ndikutema zitsamba zija ndi khasu limene ndinachita kuitanitsa, anabwera pampanda kudzaliona, analinyamula kuyesa kulemera kwake, ndipo macheza anayambira pamenepo. Manja awo ali ndi timizere tabuluu pansi pa khungu. Ndinkaganiza kuti ndi mitsempha, koma iwo anandionetsa kuti ndi mabala akale amene anapola fumbi la malasha lili momwemo. Akayenda pang'ono amaima n'kugwira mpanda kuti apume. Ife osamalira okalamba m'dera lino timakumana nazo zimenezi kawirikawiri: mapapo owonongeka ndi fumbi, zala zochita dzanzi ndi kuyera chifukwa cha makina onjenjemera, mawondo otha chifukwa chogwada m'ngalande zazifupi. Ukadziwa kumene matendawo anachokera, ngakhale kagwiridwe kako ka munthu pomusambitsa kamasintha.

Bambowa ndi amene anandiuza za tsiku la 29 May 1951. Iwo anali mwana wasukulu nthawi imeneyo. Kunali m'bandakucha, nthawi yosinthana mashifiti, pamene gulu lotuluka ndi gulu lolowa onse anali pamalo amodzi pansi. Mano a makina odulira malasha anagunda mwala n'kuthetheka, moto unagwira gasi wa mumgodi, ndipo fumbi la malasha linaufalitsa m'ngalande mtunda wautali. Amuna 81 anafa. Opulumutsa anzawo awiri anafanso pofunafuna mitembo mumpweya wakupha, onse pamodzi n'kukhala 83. Akuti amayi anaima pachipata cha mgodi masiku angapo kudikira maina. Ambiri mwa omwalirawo anaikidwa malo amodzi kumanda a m'mudzi muno, ndipo njira yolowera ku Welfare Park inadzalidwa mitengo yowakumbukira, mtengo umodzi munthu mmodzi. Chaka chilichonse kumapeto kwa May kumakhala mwambo wa chikumbutso. M'mudzi wa anthu pafupifupi 5,000 ngati uno, simungayende mtunda osakumana ndi mdzukulu wa mmodzi mwa anthu 83 amenewo.

Atatha kufotokoza ndinawauza za agogo anga aamuna, amene anapita ku Joni pa Wenela n'kubwerako ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka imfa yawo. Ndinawauzanso za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo kuchokera kumigodi, zimene zinachititsa Kamuzu kuimitsa kulemba anthu ntchito ya kumeneko. Ndinatchulanso za mgodi wa malasha wa Wankie, ku Zimbabwe ya lero, umene unaphulika mu June 1972 n'kupha anthu oposa 400, Amalawi ali momwemo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa ngati amasiye a anthu amenewo analipidwa komanso ngati maina awo analembedwa penapake. Mafunso awiri amenewo ndi amene munthu wa kumgodi amayamba kufunsa. Kuyambira tsiku limenelo akapita kukalabu amandifotokoza kwa anzawo ngati mdzukulu wa munthu wa mumgodi, ndipo zimenezi zanditsegulira makomo ambiri kuposa china chilichonse. Anthu akuda kuno ndife ochepa, ndipo sindinganame kuti aliyense amatilandira. Mawu achipongwe ndinawamvapo pamsewu. Koma ngati m'banja mwanu munali mtchona wa ku Joni, ku Wankie kapena ku Copperbelt, mbiri imeneyo musaibise, chifukwa kuno imamveka.

Nditamva zonsezi ndinayamba kuona kuti kayendetsedwe ka mudzi uno kanamangidwa ndi anthu a mumgodi eni ake. Holo yaikulu ya pa Seaside Lane, imene amangoti Welfare, ndi paki ija, zinachokera m'dongosolo losamalira antchito a m'migodi, la ndalama zimene iwo ankadulidwa pamalipiro komanso thumba limene lamulo la mu 1920 linakhazikitsa, lotenga peni imodzi pa tani iliyonse ya malasha. Tinyumba tating'ono ta okalamba timene mumationa m'midzi yonse ya kuno tinayamba ndi bungwe la Durham Aged Mineworkers' Homes Association mu 1898, chifukwa kale munthu akakalamba n'kusiya ntchito, nyumba ya kampani ankatulukamo. Tauni ya Peterlee, kumene timakagula zinthu ndi kusinthira basi, inakhazikitsidwa mu 1948 kuti mabanja a m'midzi yothithikanayi apeze nyumba zabwino, ndipo dzina lake ndi la Peter Lee, wa mumgodi amene anakhala wapampando wa khonsolo ya Durham mu 1919. Emanuel Shinwell, nduna imene inatsogolera kuti migodi ichoke m'manja mwa makampani ikhale ya boma pa 1 January 1947, anali phungu wa dera lomwe lino, ndipo anaimira Easington kuyambira 1950 mpaka 1970. Anthu akuno anazolowera kuti chinthu chikavuta amapanga komiti, amasankha mlembi, amalemba mfundo za msonkhano. Ngakhale gulu la madimba lili ndi malamulo ake olembedwa, ndipo amawatsata.

Kenaka pali sitalaka ya 1984 mpaka 1985, imene kuno amaikamba ngati inachitika dzulo. Boma la Margaret Thatcher ndi bungwe loyendetsa migodi la National Coal Board anafuna kutseka migodi yambiri, ndipo bungwe la antchito la NUM, motsogozedwa ndi Arthur Scargill, linanyanyala ntchito kuyambira March 1984 mpaka March 1985. Chaka chathunthu popanda malipiro. Amayi a m'mudzi muno anatsegula khitchini yophikira mabanja mazanamazana tsiku lililonse. Mu August 1984 munthu mmodzi anabwerera kuntchito moperekezedwa ndi apolisi, ndipo apolisi ochokera madera ena anadzaza m'misewu yopapatiza ija. Gogo wina wamkazi amene ndinkamusamalira ankakumbukira bwino masiku amenewo kuposa zimene wadya m'mawa. Pali mabanja amene mpaka lero salankhulana chifukwa wina anabwerera kuntchito sitalaka isanathe. Liwu loti scab, limene amanyozera munthu wotero, musalitulutse pakamwa ngakhale mocheza. Musafunsenso munthu kuti bambo ake anali mbali iti. Akafuna adzakuuzani yekha. Ndipo dzina la Thatcher musalitamande m'nyumba ya wokalamba amene mukumusamalira, ngakhale kusukulu munaphunzira kuti anali mtsogoleri wolimba. Tsiku la maliro ake mu April 2013 anthu kuno anasonkhana kukalabu kukumbukira zaka 20 chitsekereni mgodi, ndipo ambiri sanabise kuti sakumulira. Kwa ife amene tinaleredwa kuti maliro ndi maliro zimenezi zimalemera kumva, koma nditaona chimene chinatsatira m'mudzi muno ndinasiya kuweruza.

Mu October 1992 nduna Michael Heseltine inalengeza kuti migodi 31 itsekedwa, Easington ili m'gulumo. Mgodi unatsekedwa mu May 1993, ndipo ntchito pafupifupi 1,400 zinatha nthawi imodzi. Ya pafupi inali itatha kale: Blackhall mu 1981, Horden mu 1987. Malasha sanathe ayi. Ngalande zinkapita makilomita angapo pansi pa nyanja, ndipo akuluakulu akuno amanenetsa kuti otsala anali ambiri. Mashopu a pa Seaside Lane anayamba kutsekedwa imodzi imodzi, achinyamata anapita kukasaka ntchito kwina, ndipo nyumba zinayamba kukhala zopanda anthu. Lendi yotsika imene imatikokera ife kuno gwero lake ndi limeneli. Ndimaona kuti n'kofunika kulidziwa, kuti tisamalankhule za kutchipa kwa nyumba mokondwa pamaso pa anthu amene kutchipako kunawatayitsa zonse.

Pamalo pamene panali mgodi pano ndi dambo la udzu ndi maluwa akutchire, lokhala ndi tinjira toyendamo. Pamwamba pa kaphiri anaimikapo chikepe chachitsulo chimene chinkatsitsa anthu pansi. Mukhoza kuchiyandikira n'kuona kuchepa kwa malo amene amuna ankapanikizanamo. Gombe la kumunsi kwake linali lakuda bii, chifukwa kwa zaka zambiri zinyalala za mumgodi ankazitayira m'nyanja. Ntchito yotchedwa Turning the Tide, ya pakati pa 1997 ndi 2002, inachotsa matani oposa miliyoni imodzi a zinyalalazo m'gombe la Durham. Pano anthu amayendako ndi agalu awo, ngakhale miyala ina ikadali ndi mtundu wachikasu ndi wofiirira wa zotsalira. Tsiku lopuma pitaniko, n'kwaulere.

Tsopano za kuvota, chifukwa ambiri sadziwa. Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno ali ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota pa zisankho zonse, kuyambira za khonsolo ya m'mudzi mpaka za phungu wa nyumba ya malamulo, chifukwa Malawi ili mu Commonwealth. Chimodzimodzinso a ku Zambia ndi a ku Mozambique, ndipo a ku Zimbabwe nawonso lamulo la zisankho limawawerengerabe m'gulumo. Kulembetsa kumachitika pa intaneti ndipo kumafuna nambala ya National Insurance. Kuyambira mu May 2023 povota pamafunika chiphaso chokhala ndi chithunzi, ndipo pasipoti ya dziko la Commonwealth imaloledwa. Kukhala m'kaundula kumathandizanso mabanki akamafufuza mbiri yanu ya ngongole. Zisankho za makhonsolo kuno zimachitika zaka zinayi zilizonse, ndipo zinachitika mu May 2021 ndi mu May 2025. Phungu wa dera la Easington kuyambira 2010 ndi Grahame Morris, ndipo nkhani za viza kapena za maofesi a boma lalikulu ndi zimene zimapita kwa phungu. Kuyambira May 2024 kulinso meya wa chigawo chonse cha North East, Kim McGuinness, amene mwa zina amaona za mayendedwe a mabasi. Ife oyamba ntchito mbandakucha nkhani ya mabasi imatikhudza kwambiri.

Misonkhano ya khonsolo ya m'mudzi ndi yotseguka kwa aliyense. Mndandanda wa zokambirana amaukhoma pabolodi ndi kuuika pa intaneti kutatsala masiku osachepera atatu, ndipo kawirikawiri pamakhala kanthawi koti anthu wamba alankhule. Ine ndinapita koyamba chifukwa cha kanjira ka kuseri kwa nyumba zathu, kamene anthu ankatayamo matiresi ndi mafiriji akutha, babu la mumsewu litafa. Ndinapeza anthu ochepa atakhala mozungulira matebulo olumikiza, mapepala ali m'manja, ketulo ili pakona. Wapampando anandipatsa mpata, ndinanena zanga mwachidule, ndipo mlembi analemba. Anandiuza mosabisa kuti babu ndi zinyalala si za iwo koma za Durham, komabe khansala wa Durham woimira dera lathu anali momwemo ndipo anaitenga nkhaniyo. Apa ndi pamene ndinaona phindu la khonsolo yaing'onoyi: ngakhale nkhani isakhale yawo, amadziwa mwini wake ndipo amamudziwa ndi nkhope. Pakati pa 1 March ndi 1 June chaka chilichonse kumakhalanso msonkhano wa pachaka wa ovota onse a m'mudzi. Mpando wa khansala ukatsala wopanda munthu pakati pa zisankho, ndipo ovota sanapemphe chisankho chapadera, makhansala otsalawo amatha kusankha munthu woti alowepo, ndipo nzika ya Commonwealth ya zaka 18 kapena kuposa, yokhala ndi chilolezo choyenera, ikhoza kufunsa kwa mlembi ngati ikukwanira. Za apolisi ndi zosiyana: nkhani yosafulumira imbani 101, yangozi 999, ndipo chipongwe cha mtundu muzichinena, chifukwa amachilemba ngati mlandu.

Loweruka lachiwiri la July musalole shifiti ngati mungathe. Ndi tsiku la Durham Miners' Gala, msonkhano umene unayamba mu 1871. Mudzi uliwonse wa mgodi umatulutsa mbendera yake yaikulu ya nsalu yojambulidwa, bandi ya malipenga ili patsogolo, ndipo amaguba m'misewu ya mzinda wa Durham kudutsa pa County Hotel mpaka kubwalo la Racecourse, masana n'kukhala mapemphero ku Cathedral. Kale mgodi umene wataya anthu chaka chimenecho unkamangirira nsalu yakuda pambendera yake. Migodi ikuluikulu yakuya ya malasha inatha yonse m'dziko muno, womaliza unali Kellingley mu December 2015, koma anthu amabwerabe miyandamiyanda, ndipo mabungwe a anamwino, aphunzitsi ndi osamalira okalamba amaguba nawo. Ine ndinaguba kumbuyo kwa mbendera ya mudzi wathu, pambali pa mwana wamkazi wa bambo a kudimba aja, chifukwa iwo mapapo sawalolanso kuyenda mtunda wotero. Ofuna kuwerenga zambiri apite ku The Story, nyumba yosungira zolemba zakale za chigawochi imene inatsegulidwa ku Mount Oswald mu 2024, kapena afufuze pa intaneti Durham Mining Museum, kumene kuli maina a anthu amene anafera m'migodi, mgodi ndi mgodi. Ana apiteni nawo ku Beamish Museum akaone mudzi wa mgodi mmene unkaonekera.

Funso limene layamba kubwera tsopano ndi logula nyumba, popeza ena mwa ife takhazikika ndipo mitengo ya m'mizere ija imakopa. Musanalipire kalikonse, uzani loya wanu apemphe lipoti la migodi la malowo. Bungwe losunga mapu a ngalande zakale linkatchedwa Coal Authority, ndipo kuyambira November 2024 limatchedwa Mining Remediation Authority. Lipotilo limasonyeza ngati pansi pa nyumbayo kapena pafupi pali ngalande kapena dzenje lakale, komanso ngati panakhalapo dandaulo la kutitimira kwa nthaka. Bungwe lomweli ndi limene mumaliuza mukaona dzenje latseguka kapena khoma lang'ambika chifukwa cha mgodi wakale. Lembaninso katswiri woyeza nyumba aone chinyezi ndi denga, chifukwa nyumbazi zambiri zapitirira zaka 100. Funsani kukhonsolo ya Durham ngati msewuwo uli pa pulani iliyonse yogwetsa kapena kukonzanso nyumba, ndipo muuyendere madzulo komanso Loweruka usiku, muwerenge nyumba zokhomedwa matabwa m'mawindo, mugogode kwa oyandikana nawo awiri kapena atatu n'kufunsa kuti eni nyumba za mumzerewo amakhala momwemo kapena ndi akutali.